Malire a Kumwamba kwa Mlolo

Mseu wocokera ku Katete, utapyola dziko la Mfumu Mlolo m'boma la Chadiza, ufika pa cipata ca Chanida, pamene Zambia alekeza ndipo Mozambique ayamba. Mtunda wace ndi makilomita ngati 55. Pamenepo malole a feteleza, a mafuta ndi a mkuwa andanda kudikira, ena ali kunka ku Tete ndi ku doko la Beira, ena ali kubwerako. Palibe lole imene ioloka kunka ku Cassacatiza popanda mapepala. Woyendetsa atsika, napereka makalata ace kwa a kasitomu a mbali ino. A tsidya linalo awaonanso, nadinda. Mwana aliyense wa kwa Mlolo adziwa zimenezi, pakuti akula ali kuziona.

Koma ali ocepa amene adziwa kuti pamwamba pa mitu yao palinso mseu wina, wokhala ndi malire ace ndi alonda ace. Munthu akatenga mapu nalemba mzere woongoka kucokera ku Lusaka kufika ku Lilongwe, adzaona kuti mzerewo upita pafupi ndithu ndi Mlolo. Ndiponso kufupi komweko thambo ligawika patatu: la Zambia aliyang'anira ali ku Lusaka, la Malawi ali ku Lilongwe, la Mozambique ali ku Beira. Pa malire amenewa palibe cipata kapena mpanda, ndipo ndege siingathe kuima kuti ionetse mapepala. Cimene cioloka m'malo mwa mapepala ndi mau a pakamwa, onenedwa pa wailesi ndi pa telefoni.

Anthu akaona kanthu koyera kali kukoka mzere wonga utsi kutali m'mwamba, kawirikawiri afunsa nati, "Thambo lonseli kukula, ndege ziwiri zingaombane bwanji?" Funsoli si lopusa ai. Koma ndege siziuluka mwacisawawa monga anamzeze. Zitsata njira zoikika pakati pa mizinda, ndipo makina olozera njira a masiku ano ali olunjika kotero kuti yopita ndi yobwera ziyenda pa mzere umodzi weniweni. Tsono kuli liwiro. Ndege yaikulu iyenda makilomita ngati 800 pa ora. Mtunda wa Katete mpaka Chanida iutha pa mphindi zinai. Ziwiri zikayang'anana, mpata wa pakati pao ucepa ndi mamita oposa 440 pa sekondi iliyonse. Woyendetsa wa maso akuthwa angaone inzace ili pa makilomita 10, ili kuoneka ngati nchenche pa galasi. Kucokera pamenepo watsala ndi masekondi 22 okha kuti azindikire, aganize, ndi kukhotetsa cinthu colemera koposa malole angapo. Usiku kapena m'mitambo angalephere kuiona konse. Cotero kumwamba diso licepa mphamvu, ndipo nchito yaikulu igwera khutu.

Ndege isananyamuke, woyendetsa alemba kalata ya ulendo: dzina la ndege, njira yace, msinkhu umene afuna kuulukapo, ndi nthawi imene ayembekeza kufika. Kalatayi itumizidwa kutsogolo kwa onse amene ndegeyo idzapyola m'thambo lao. Ku Lusaka, pa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, akhala anthu ochedwa olondolera ndege, olembedwa nchito ndi Zambia Airports Corporation. Wolondolera sakhudza ciwongolero ca ndege iliyonse. Ali naco cipangizo comvera kumakutu ndi colankhulira pakamwa. Pamene pali rada, aona ndege iliyonse ngati kadontho pa galasi. Pamene rada siifika, adalira mau a woyendetsa, wochi, ndi masamu a m'mutu mwace.

Cida cace cacikuru ndico kugawa misinkhu. Thambo aliyesa ngati nyumba ya nsanjika zambiri, ndipo ndege iliyonse ipatsidwa nsanjika yace. Zolunjika cakum'mawa zitenga zikwi za mafiti zosagawika pawiri, monga 29,000, 31,000 kapena 33,000; zolunjika cakumadzulo zitenga zogawika pawiri, monga 30,000 kapena 32,000. Ndiko kuti ndege yocokera ku Lusaka kunka ku Lilongwe ndi ina yobwerera zingathe kupambana pamwamba peni peni pa Mlolo, ina pamwamba ina pansi, pakati pao pali mafiti 1,000 okha, ndiwo mamita ngati 300, utali wa mabwalo atatu a mpira. Mpata wotere pa misinkhu yaitaliyi unayamba kugwira nchito mu Africa pa 25 Sepitembala 2008. Kale lace unali mafiti 2,000. Ndipo kuti mpatawo ukhale woona, oyendetsa onse akafika pamwamba achera cipangizo coyesera msinkhu pa nambala imodzi, 1013. Ali ngati ogulitsa cimanga pa msika amene apangana kuyesera meda imodzi. Wina akabwera ndi meda yace ya iye yekha, mkangano suli patali.

Koma nambala ya msinkhu iyenera kucoka m'kamwa mwa munthu wina ndi kulowa m'khutu la mnzace ali kutali makilomita mazana, pakati pa phokoso la injini ndi kulira kwa wailesi. Apa ndi pamene pali lamulo limene anthu a ku mudzi angalimve msanga koposa ophunzira. Wolondolera akanena kuti ndege yakuti itsikire pa mafiti 25,000, woyendetsa saloledwa kungoti wamva. Ayenera kubwereza nambalayo pamodzi ndi dzina la ndege yace, ndipo wolondolera ayenera kuchera khutu pa kubwerezako. Mau akabwerera opotoka, awaongola pomwepo.

Kunali kapaso wina wokalamba ca komweko, amene anatumikira pa bwalo la mfumu zaka zambiri. Iyeyu akaitanidwa kuti atumidwe, anali kugwada, naomba m'manja, namvetsera mpaka mfumu itatsiriza. Pamenepo sanali kunyamuka msanga, koma anali kubweza uthenga wonse nati, "Wawa Amfumu, mwati nyakwawa za midzi inai ya tsidya la mtsinje zifike Lacinai mmawa, pamodzi ndi mbali zonse ziwiri za mlandu wa munda." Mfumu ikati, "Ndi momwemo," ndi pamene anali kukwera njinga. Mdzukulu wace, mnyamata amene anali atangotsiriza sukulu, anali kucita nazo manyazi. Tsiku lina anamfunsa nati, "Agogo, bwanji mubwereza mau monga mwana wa Giredi 1? Anthu ayesa kuti makutu anu anagontha." Nkhalambayo inaseka niti, "Mwanawe, pobwereza sindiyesa khutu langa lokha. Ndiyesanso pakamwa pa Amfumu. Tsiku lina anena Lacinai mtima wao uli pa Lacisanu. Akamva mau ao omwe ali kuturuka m'kamwa mwanga, ndi pamene azindikira."

Kapaso ameneyo sanakwerepo ndege, koma anafotokoza lamulolo bwino koposa mabuku ambiri. Kubwereza kugwira zolakwa za onse awiri, wotuma ndi wotumidwa. Ndipo nkomvetsa cisoni kuti m'maofesi ambiri mnyamata watsopano aopa kufunsa kaciwiri, nangoti "Inde bwana," naturuka ndi theka la uthenga, poyesa kuti kufunsa ndi kuonetsa umbuli. Akuru anati safunsa anadya phula. Woyendetsa ndege wa zaka 30 pa nchito akapanda kumva bwino apempha kuti anenenso, ndipo palibe amene amseka.

Cinenero naconso anacikonza kuti cisapunthwitse. Bungwe la maiko loona za ndege, la ICAO, limene likulu lace lili ku Montreal, linasankha Cingerezi kuti cikhale copezeka kwa oyendetsa a maiko onse. Koma si Cingerezi ca m'kalasi kapena ca maphwando. Ndi mau owerengeka, aliwonse ndi tanthauzo limodzi. Kuyambira 1956 zilembo zichulidwa ndi maina athunthu, A ndi Alfa, B ndi Bravo, Z ndi Zulu, kuti B asamveke ngati D. Ndipo nambala 9 aichula "niner" kuti isasokonezeke ndi 5. Wokonda kukometsera mau nchito imeneyi siimuyenera.

Zonsezi zikhudza anthu awiri amene ali kumvana. Bvuto lalikuru lili pa malire, pamene ndege icoka m'manja mwa wina kulowa m'manja mwa mnzace. Ndege ya ku Lilongwe isanafike ca kwa Mlolo, wolondolera wa ku Lusaka ayenera kuti wauza kale mnzace wa ku Malawi kuti kuli kudza ndege yakuti, pa msinkhu wakuti, ndipo idzafika pa malire nthawi yakuti. Mnzaceyo ayang'ana ndege zace, nabvomera, kapena apempha msinkhu wina. Pambuyo pace woyendetsa auzidwa nambala ya wailesi ya ku Lilongwe, naibwereza, natsazika. Okhala m'kati mwa ndege ali kumwa tiyi, osadziwa kanthu. Koma telefoni imeneyo ikapanda kulira, kapena kalata ya ulendo ikasokera pa njira, ndege ilowa m'thambo la eni ngati mlendo wofika usiku wopanda odi.

Zotere zinacitika pa 13 Sepitembala 1997. Ndege ya asilikali a ku Germany, ya mtundu wa Tupolev 154, inanyamuka ku Niamey m'dziko la Niger kunka ku Windhoek, pa ulendo wa ku Cape Town, ili ndi anthu 24. Masana omwewo ndege ya asilikali a ku America, ya mtundu wa C-141, inanyamuka ku Windhoek kunka ku cisumbu ca Ascension, ili ndi anthu 9. Masiku amenewo mpata unali ukali mafiti 2,000, ndipo mwa kawerengedwe kakaleko msinkhu wa 35,000 unali wa ndege zolunjika cakumadzulo. Zolunjika cakum'mawa zinayenera kukhala pa 33,000 kapena 37,000. Ya ku America inali pa 35,000, malo ace oyenera. Ya ku Germany, imene inali kulunjika kumwera cakum'mawa, inalinso pa 35,000.

Nambala yolakwikayo inayenda ulendo wautali, nipyola m'thambo la maiko angapo, popanda woiongola. Wolondolera wa ku Windhoek, amene anali atalankhula ndi ndege ya ku America, sanalandire uthenga wakuti kuli kudza ndege ina kucokera kumpoto. Ndege ziwirizo zinaombana pamwamba pa nyanja ya Atlantic, makilomita ngati 120 kucokera ku gombe la Namibia, ndipo onse 33 anafa. Ofufuza anaika mlandu woyamba pa msinkhu wolakwika wa ndege ya ku Germany, koma anachulanso kayendetsedwe ka thambo la Luanda ndi kufooka kwa njira zotumizira mauthenga pakati pa maiko. Ciweruzo cimeneco ncolungama. Komabe munthu woganiza aona kuti kulakwa nambala ndi cinthu cimene cigwera aliyense, ngakhale katswiri. Cimene cinasowa tsiku limenelo ndico khutu laciwiri lomva nambalayo ndi kuti, "Iai, si momwemo."

Oyendetsa ndege anali kudziwa kufooka kumeneku, ndipo bungwe la makampani a ndege, la IATA, linaika mwambo wodzitetezera m'mbali za Africa zimene mauthenga anali kubvuta. Kwa zaka zambiri thambo la Lusaka linali pa mndandanda wa mbali zimenezo. Mwambowo mwana wa Mcewa auzindikira msanga. Mwamuna akayandikira pa dooko pamene akazi asamba, sangoturukira, aima patali napfuula, "Odi kumadziko!" Sadziwa ngati kuli munthu kapena kulibe. Apfuulira aliyense amene angakhaleko. Cimodzimodzi woyendetsa ndege achera wailesi yace yaciwiri pa nambala 126.9, nalengeza kwa onse akumva dzina la ndege yace, msinkhu, njira, kumene walunjika, ndi nthawi imene adzafika pa malo otsatira. Atero patatsala mphindi 10 kuti alowe m'thambo lina kapena kudutsa njira ina, ndiponso asanasinthe msinkhu. Kawirikawiri palibe womyankha. Koma tsiku lina, pakati pa usiku, liu licokera mumdima kuti, nanenso ndili pa msinkhu womwewo, ndili kudza cakuno. Ndipo awiriwo apangana okha. Palinso cizolowezi cakuti pa njira zakutali ndege ipatuke mailo imodzi kapena awiri kumanja kwa mzere, kuti ngakhale onse atalakwa asakomane mphuno ndi mphuno. Pa mseu wa Katete lamulo ndi la kumanzere, koma kumwamba ndi la kumanja.

Ndege ziwiri za ku Namibia zinalibe makina amene tsopano ali m'ndege zazikuru zonyamula anthu mwa lamulo, ochedwa TCAS. Makinawa afunsa ndege zonse zoyandikana nazo msinkhu wao ndi mtunda wao, mosalekeza, popanda munthu kulankhula. Akaona kuti ziwiri zidzakomana pakapita masekondi 35 kapena ocepera, makina a m'ndege iyi ndi a m'ndege inayo apangana m'kuphethira kwa diso: ina iuzidwa kukwera, ina kutsika. Anthu anayesa kuti bvuto latha. Koma makinawo anabweretsa funso latsopano, lakuti mau akadza awiri, a munthu ndi a makina, womvera ndani?

Funsolo linayankhidwa ndi maliro. Usiku wa pa 1 Julaye 2002, pamwamba pa Überlingen kumwera kwa Germany, ndege ya ku Russia ya Bashkirian Airlines ndi ndege ya katundu ya DHL zinali kuyandikana, zonse pa mafiti 36,000. Thambo limenelo anali kuliyang'anira ali ku Zürich, kumene wolondolera mmodzi anatsala yekha ndi nchito ya anthu awiri, ndipo matelefoni anali kukonzedwa. Mnzace wa ku Karlsruhe, tsidya lina la malire, anaona ngoziyo pa rada yace, nayesa kuimba telefoni kangapo, koma siinapyole. Wa ku Zürich atazindikira mocedwa, anauza ndege ya ku Russia kuti itsike. Patapita masekondi owerengeka makina a m'ndegeyo anati ikwere, ndipo a m'ndege ya DHL anati itsike. Oyendetsa a DHL anamvera makina, natsika. A ku Russia anamvera munthu, natsikanso. Anafa anthu 71, ambiri mwa iwo ana a sukulu a ku Ufa opita ku chuti ku Spain. Kucokera pamenepo lamulo linamveketsedwa kwa onse: makinawo akalamula, woyendetsa awatsata ngakhale wolondolera anene zosiyana, namuuza msanga cimene wacita, ndipo wolondolera aleka kumlamula mpaka ngozi itapita. Si cifukwa cakuti makina aposa munthu nzeru, koma cifukwa cakuti pa masekondi amenewo ndi iwo okha amene amvana ndi mbali zonse ziwiri.

Dziko la Zambia lili ndi usiku wace wace umene nkhani ya mau a pa wailesi siinathe mpaka lero. M'masiku a Federation thambo la Northern Rhodesia ndi Nyasaland, la kwa Mlolo lomwe, anali kuliyang'anira ali ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare. Pa 17 Sepitembala 1961 Dag Hammarskjöld, Mlembi Wamkuru wa United Nations, ananyamuka ku Léopoldville kunka ku Ndola kukakomana ndi Moïse Tshombe wa ku Katanga, pofuna kuletsa nkhondo. Ndege yace, ya mtundu wa DC-6 yochedwa Albertina, inali ndi anthu 16. Poopa ndege yankhondo ya Katanga, oyendetsa anacita zosiyana ndi zonse zanenedwa pamwambapa: m'kalata ya ulendo analemba Luluabourg m'malo mwa Ndola, nazungulira kutali cakum'mawa ku nyanja ya Tanganyika, ali cete pa wailesi maora anai. Atayandikira ndi pamene anaitana Salisbury, ndipo Salisbury anawapereka kwa wolondolera wa ku Ndola.

Mphindi 10 zitapitirira pakati pa usiku, woyendetsa ananena kuti waona nyali za bwalo, ali pamwamba pa Ndola, ali kutsika, napempha nambala yochera cipangizo ca msinkhu. Wolondolera anampatsa 1021, namuuza kuti adziwitse akafika pa mafiti 6,000. Woyendetsa anabwereza nambalayo monga mwa lamulo. Amenewo ndiwo mau otsiriza amene anamveka. Wolondolera anaitana kangapo osayankhidwa, koma akuru a pa bwalo anaganiza kuti alendowo asintha maganizo napita kwina, ndipo bwalo linatsekedwa, anthu nakagona. Ndegeyo inali itagwa m'nkhalango makilomita ngati 15 okha kucokera pa bwalolo. Aboma anaipeza dzuwa litapendeka, patapita maora ngati 15. Munthu mmodzi, Harold Julien, anali akali moyo, atapsa kwambiri, ndipo anamwalira m'cipatala patapita masiku owerengeka.

Bungwe lofufuza la boma la Federation linati oyendetsa anatsika mopitirira. La United Nations la mu 1962 linasiya mlandu wosagamula. Koma anthu ena a ku Ndola, pakati pao ootcha makala amene anali m'nkhalangomo usiku umenewo, ananena kuti anaona ndege yaciwiri m'mwamba ndi kuwala kwa moto, ndipo umboni wao sunawerengedwe kwenikweni pa nthawi imeneyo. Kuyambira 2015 United Nations inapereka nkhaniyi kwa Mohamed Chande Othman, amene anali Woweruza Wamkuru wa ku Tanzania, ndipo m'malipoti ace, mpaka la mu 2024, wanena kuti nkotheka ndithu kuti ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa ndi cinthu cocokera kunja. Masiku ano malamulo a ICAO afuna kuti mau onse a pakati pa woyendetsa ndi wolondolera ajambulidwe ndi kusungidwa masiku osacepera 30, kuti ofufuza akathe kuwamvetsera okha. Palibe mau ojambulidwa a pa nsanja ya ku Ndola usiku umenewo amene anapezeka. Cimene cinatsala ndi zimene wolondolera mmodzi anakumbukira nalemba pambuyo pace, ndipo Othman wakhala ali kupempha maiko a Britain, America ndi South Africa kuti atsegule nkhokwe zao za makalata, poganiza kuti mwina alipo ena amene anali kumvetsera pa wailesi usiku womwewo.